Mbiya Imene Inapita ku Zomba

Mlongo wanga Mailesi ndinamuona komaliza ali moyo pa Zalewa, Lolemba m'mawa, kumayambiriro kwa Meyi mu 1985. Ine ndinali kubwerera ku koleji ku Zomba. Iye anali ndi pakati, mwezi wake utayandikira, koma anaumirira kukwera nane lole kuchokera kumapiri kwathu ku Neno, ati akagulitse manachesi kumsewu. Manachesiwo anali asanapse. Tonse awiri tinkadziwa kuti akungondiperekeza.

Tikudikira basi, panafika bambo wina wa malaya ofiira wogulitsa makadi a chipani. Tinamuonetsa athu. Iye anayang'ana mimba ya Mailesi n'kunena kuti, "Nanga ali m'katimo alibe boma?"

Mailesi anaseka mpaka kugwira m'chiuno. Anamasula mfundo ya nsalu yake n'kugula khadi lachitatu.

"Dzina?"

"Lembani kuti Mlendo. Lenilenilo tikamupatsa akafika."

Khadilo anandipatsa ine. "Sunga ndiwe. Malume wake ndiwe, uyambiretu kumuyang'anira."

Basi itafika anandipatsira manachesi awiri pawindo. "Ndi owawasa, koma udye, usataye." Limodzi ndinadya. Linalo ndinaliiwala pampando wa basi.

Patatha milungu isanu ndi umodzi, ndili pakati pa mayeso, ndinamva dzina langa pa wailesi, pa nthawi ya mauthenga a maliro. Mailesi anabereka mwana wakufa Lachisanu. Lolemba lake iye mwini anathera pa machira, anthu akuthamanga naye kuchipatala cha ku Matandani. Ndinafika atafotsera kale. Makolo athu anatisiya tili ana, ndipo amene anandilera ndi kundiphunzitsa ndi manachesi ake anali iyeyo. Ku Zomba sindinabwererenso. Sutikesi yanga mwina ili komweko.

Manda a Mailesi anandionetsa. Nditafunsa za mwana, amayi onse anayang'ana pansi. Mmodzi anandiuza mofatsa kuti mwana wobadwa wakufa ndi nthayo, salira maliro ake, sapita kumanda a akuluakulu. Amakamuika amayi okhaokha, kumalo amene mwamuna sauzidwa. Khadi lija ndinalisiya m'kabuku ka m'thumba mmene ndinkalisunga.

* * *

Amene anandibwezera pakati pa anthu ndi Yunike, mwana wa aNangozo, mayi woumba mbiya m'mudzi mwathu. Chaka chathunthu ndinkangokhala pansi pa mitengo ya manachesi ya Mailesi. Tsiku lina iye podutsa ndi dongo pamutu anaima.

"Kodi a ku Zomba, mitengo imeneyi mukuiwerenga? Imafuna kudulira, osati kuiyang'ana ngati buku."

"Sindidziwa kudulira."

"Zaka zitatu ku koleji, osadziwa kugwira chikwanje. Nanga mumaphunzira chiyani?"

"Za anthu akale. Mmene ankakhalira, zimene anasiya m'nthaka."

"Ndiye chifukwa chake. Amoyofe simutiona."

Mawa lake anabwera ndi chikwanje cha amayi ake. Tinadulira mitengo isanu ndi inayi m'masiku atatu, iye akundinyoza nthambi iliyonse. Kuyambira pamenepo ndinayambanso kupita kutchalitchi Loweruka, pakuti mudzi wathu wonse umasunga Sabata. Sindiname, chimene chinkanditengera kumeneko chinali buku lake la nyimbo. Ankandibwereka polowa, ine n'kumubwezera potuluka, ndipo pa nyimbo ya nambala 120 pankakhala kapepala. Iye ankalemba mwachidule. *Mwameta bwino.* Kapena, *Malaya awo ndi a dzana, ndikuwadziwa.* Ine ndinkalemba masamba awiri, iye n'kuyankha kuti, *Ndamva. Muchepetse Chingerezi.*

Pofika mu Julayi 1987 tinali titagwirizana. Malume wanga wa ku Chifunga anali atalonjeza kudzaonana ndi a Lameki, malume ake a Yunike, manachesi akatha. ANangozo nawo anayamba kunditumizira maungu.

* * *

Mu Ogasiti kunabwera Landirova yoyera. A Lameki, amene analinso wapampando wa nthambi ya chipani, anaitanitsa msonkhano n'kuwerenga kalata ya chidindo cha boma: anthu a ku yunivesite adzachita kafukufuku wa zinthu zakale ndi wa chikhalidwe chathu, aliyense awathandize. Tinaomba m'manja monga mwa nthawi zonse. Kenako m'galimotomo munatuluka munthu wa magalasi, atakoloweka kamera m'khosi.

"Gerishoni? Aise, ndiwe? Ife tinkati unapita ku Joni."

Anali Lenard. Ku koleji tinkakhala benchi imodzi, ndipo theka la zimene analemba m'chaka chachiwiri anakopera kwa ine. Tsopano anali atamaliza, ndipo pulofesa wake anamutuma kuti adzafufuze za mbiya, zakale ndi zatsopano. Anandilemba ntchito yomuonetsa malo pomwepo, anthu onse akuona, ngati akundiponyera fupa.

Za mbiya zatsopano anazipeza pakhomo pa aNangozo. Anakhala pamenepo masiku asanu ndi makina ake ojambulira mawu. Chifukwa aNangozo ankayankha mawu amodziamodzi, mafunso ambiri anagwera Yunike. Anamujambula akukanda dongo, akusalaza mbiya ndi nkhulungo, akuseka. A Lameki anayamba kubwera pakhomopo atavala jekete, ndipo ndinawamva akuuza anzawo kuti, "Uyu ndiye mwana wophunzira. Osati kupita kusukulu n'kubwerako ndi manja awiri."

Lachinayi ndinakumana ndi Yunike panjira ya kudambo.

"Zithunzi zija akufuna mbiya kapena mano ako?"

"Mufunseni, ndi mnzanu."

"Wakuuza chiyani?"

"Akuti ndili ndi mutu. Akuti ku Zomba kuli atsikana amene amalandira malipiro chifukwa chotsuka mapale akale."

"Ndiye iwe wati chiyani?"

"Ndati mapale ndimatsuka kale, ulere." Anandiyang'ana m'mbali. "Nsanje siikuyanjani, aGerishoni. Mlomo wanu ukutalika."

Anaseka, koma ine sindinaseke. Ndinkafuna chinthu chimodzi chimene Lenard sangachipeze popanda ine.

* * *

Za mbiya zakale zinali kumukanika. Anakumba pafupi ndi ng'anjo yakale yosungunulira chitsulo, n'kupeza mapale osadzaza chipewa.

"Pulofesa andidya wamoyo," anatero Lachisanu madzulo. "Iwe unali woyamba m'kalasi, ndipo kwanu ndi kuno. Kapena nzeru zonse zinatsala mu sutikesi muja?"

Ndinkadziwa malo. Kuseri kwa mudzi kuli kamtsinje ka Kanjedza, ndipo pamene kamakhota pali nsungwi zowirira. Ndinalowamo kamodzi pofuna nsungwi ya denga, ndipo ndinaona mapale atatuluka m'gombe mmene madzi anakokolola, ena okhuthala, a mizere imene ndinaiona m'mabuku okha. Tili ana tinkauzidwa kuti musapiteko, kuli njoka ya mbobo. Palibe mayi amene ankatunga madzi pamenepo. Ine ndi zaka zanga zitatu za ku koleji ndinati ndi mantha a anthu osaphunzira.

Tinapita Loweruka m'mawa, ine, Lenard ndi amuna awiri okumba amene anabwera nawo. Mudzi wonse unali kutchalitchi. Kukanakhala tsiku lina lililonse, mayi wina akanationa tikudutsa ndi mafosholo.

Tinakhoma zikhomo, tinamanga zingwe, tinayamba kupala. Mapale anali ambiri, pamwamba atsopano, pansi akale, kutsika mpaka m'mawondo. Lenard ankangopukuta magalasi. Dzuwa lili pamutu, kakhasu kanga kanakhudza chinthu chosasweka. Ndinafukula ndi zala. Inali mbiya yathunthu, yovundikira ndi phale, m'mbali mwa phalelo atamata ndi dongo. Paphewa pake panali chidindo cha tsamba, chimene woumba anakanikiza dongo lili laliwisi.

Mmodzi wa okumba aja anabwerera m'mbuyo n'kupita kukasuta fodya patali.

"Tiitsegule?" ndinafunsa Lenard.

"Ayi. Za m'kati timakatsegula ku Zomba, patebulo. Lemba nambala, uli ndi dzanja labwino."

Ndinainyamula ndekha. Siinali yolemera. Ndinaipukuta pansi pake, ndinaviika cholembera mu inki, n'kulemba 41 monga anatiphunzitsira. Pa kakhadi ndinalemba kuti: yathunthu, yomata, chidindo cha tsamba paphewa. Tinaiika m'bokosi la udzu. Dalaivala ananyamuka ndi mabokosi tsiku lomwelo, anthu asanatuluke m'tchalitchi.

* * *

Lamulungu m'mawa Yunike anandipeza kumanachesi.

"Dzulo buku langa linalibe wobwereka."

"Ndinali pantchito. Mnzako wa magalasi uja akanabwerera ku Zomba chimanjamanja, koma ine ndamupezera chimene sichinapezekepo m'dera lino."

"Kuti?"

"Ku Kanjedza, kunsungwi."

Anatula dengu lake pansi pang'onopang'ono.

"Nsungwi zake ziti?"

"Za pokhota paja. Mbobo sindinaione ndi imodzi yomwe."

"Mwatengako chiyani?"

Ndinamufotokozera zonse, ndikunyadira. Nditatchula tsamba anagwira pakamwa. Anathothola tsamba limodzi pamtengo umene tinaimapo n'kuliika m'dzanja langa.

"Longa ili?"

Ndinaliyang'ana. Linali lomwelo.

"Amayi anaumbapo mbiya imodzi yokha ya tsamba la nachesi. Anaumbira achemwali anu pa ukwati wawo. Inkakhala kuseri kwa chitseko."

Ndinamwa madzi a m'mbiya imeneyo tchuthi chilichonse kwa zaka zinayi. Nditaiona m'dothi, ndinaona chinthu cha m'buku.

"Kwathu kuno nthayo amaiika m'mbiya ya mayi wake," anatero Yunike. "Ine sindiyenera kukuuzani zimenezi. Sindiyenera n'kuzidziwa komwe, ndinangomva amayi akulankhula. AGerishoni, mwana wa achemwali anu ali kuti?"

Pa nthawi imeneyo bokosi linali litafika kale ku Zomba.

* * *

ANangozo ndinawapeza kuseri kwa nyumba, akusalaza mtsuko. Yunike anali atawauza. Ndinagwada patali. Sanandiyang'ane, ndipo nkhulungo siinaleke kuyenda.

"Amayi, sindinadziwe."

"Sunayenera kudziwa. Unayenera kungoopa mbobo monga anzako."

"Ndikaibweza."

"Ndi manja ati?" Apa anaima. "Malo aja muli ana a agogo anga, muli anga awiri, akulu ake a Yunike. Wa Mailesi ndinamumata ndekha, ndi dzanja ili. Mayi wake ali chigonere anandifunsa kuti, mwamufunditsa? Ndinati ndamufunditsa, palibe chidzamukhudze."

Anapukuta dzanja pa nsalu.

"Ndinkakukonda, mwana wanga. Sindikunena mwaukali. Koma mwamuna amene wafukula nthayo, mkazi wake safungata mwana wamoyo mpaka wofukulidwayo atabwerera pamalo pake. Iwe ukhoza kunena kuti ndi za umbuli, munaphunzira. Ine ndakwirira awiri, ndipo sindiyesera pa Yunike. Uuze malume ako a ku Chifunga asavutike kubwera."

"Nanga tikawauza a Lameki, alembe kalata?"

"Ndikauze mwamuna za kunsungwi? Ndiponso mwamuna amene anawerenga kalata ya chidindo pamaso pa mudzi wonse?" Anatsitsa mawu, ngakhale panalibe wina. "Mayi amene angaime n'kunena kuti anthu a boma alakwa, ukudziwa galimoto imene imadzamutenga. Amayi onse a m'mudzi muno akudziwa chimene chachitika. Wamvapo wina akulira? Tikungosinja."

Ndinamvetsera. M'mudzi monse munali kumveka misi.

* * *

Lenard anali pasukulu pamene ankagona, akulemba manotsi pakhonde. Ndinamuuza mopanda kuzungulira. Anavula magalasi.

"Pepa, aise."

"Unadziwa."

"Ndinakayikira. Kukayikira si kudziwa."

"Mbiya yomata, m'mbali mwa mtsinje, pamwamba pa mapale onse. Zinali m'manotsi a chaka chachiwiri. Unakopera kwa ine."

"Ndiye iwe bwanji sunakumbuke?"

Funso limenelo ndimadzifunsa mpaka lero. Ndinkaganiza za Yunike ndi za nkhope ya a Lameki akamva kuti wapeza ndine.

"Tumiza uthenga aibweze."

"Sizophweka. Chinthu chikalowa m'kaundula ndi nambala chimakhala cha boma. Sangachitulutse chifukwa munthu wina walira. Pafunika umboni woti si chakale: wachibale asaine fomu, ndiponso pabwere munthu wodziwa dzanja la woumbayo, aloze chizindikiro pamaso pa pulofesa."

"Ndipita ine."

"Iwe amene unalemba 41? Akakufunsa kuti bwanji sunaizindikire, ukati chiyani? Komanso ndamva kuti mwamuna sayenera kuikhudzanso." Anavalanso magalasi. "Ndauza woyang'anira mosungiramo kuti asatsegule. Koma ophunzira akabwera mu Okutobala, mabokosi onse amatsegulidwa. Imeneyo ndi ntchito yawo yoyamba."

"Ndiye apite aNangozo."

"Mayi aja amene anandiyankha mawu khumi m'masiku asanu? Pulofesa ndi mzungu, pamaso pake sakatsegula pakamwa. Yunike anafika Fomu 2. Akhoza kufotokoza."

"Unaganiza liti zimenezi?"

Anatseka cholembera n'kuchiika m'thumba la malaya.

Madzulo omwewo anapita kwa a Lameki. Anawauza kuti panatengedwa molakwika mbiya ya banja, ndipo pafunika mtsikana wozindikira akathandize akuluakulu a ku yunivesite. Anawonjeza kuti pulofesa ali kunja kwa dziko, mwina abwera pakatha milungu itatu, mwina mwezi, koma Yunike akakhala kwa mlongo wake wa Lenardyo, ndipo podikirapo akhoza kuyamba ntchito ija yotsuka mapale. A Lameki anavomera asanamalize kulankhula. Anapha tambala.

* * *

Sabata lotsatira ndinapita kutchalitchi. Amayi a m'benchi za kumanzere sanandiyang'ane. Polowa, Yunike anandipatsa buku la nyimbo osakweza maso. Pa nambala 120 panali kapepala.

*Ndipita Lachiwiri. Amayi sakufuna, koma akuti palibe wina. Andiphunzitsa kanyamulidwe kake. Musandilembere masamba awiri, sindingathe kuwerenga.*

Ndinalemba mzere umodzi kuseri kwake. *Usapite naye.*

Potuluka anawerenga ali chiimire pakhomo, anthu akudutsa. Anabwera pafupi ngati akufuna kundipatsa moni wa Sabata.

"Ndisapite, ndiye mwana atsegulidwe patebulo ndi ana asukulu?"

"Lenard sakufuna mbiya yokha."

"Ndikudziwa chimene akufuna. Si ine mwana."

"Ndiye?"

"Ndiye mundiuze njira ina, a ku Zomba. Inu ndinu ophunzira."

Ndinayang'ana nsapato zanga. Anadikira nthawi yokwanira kuti munthu wokhala ndi yankho ayankhe, kenako anatsatira amayi ake.

* * *

Lachiwiri m'mawa Landirova inaima pakhomo pa a Lameki. Kunali chifunga, ndipo manachesi omalizira anali kugwa okha. Ndinatola awiri n'kuika m'thumba.

Yunike anatuluka atavala diresi lake la Sabata. M'manja anali ndi kachikwama ndi nsalu yatsopano yopindapinda, imene ndinadziwa kuti si yovala. ANangozo anaima pakhomo la nyumba yawo patali, manja ali kumbuyo. A Lameki ankazungulira galimoto, akugogoda matayala ndi ndodo.

"Ukakhale bwino ndi akuluakulu," ankatero. "Mwayi sugogoda pakhomo la munthu wogona. Ena anaupeza n'kuutaya." Sanayang'ane kwa ine, koma sipanafunike.

Ndinamupeza Yunike kuseri kwa galimoto.

"Ubwerako liti?"

"Mbiya ibwera."

"Ndafunsa za iwe."

Anakonza nsalu ija m'manja mwake. "Malume anandiitana dzulo. Akuti Lenard wafunsa ngati ndili ndi mwini, ndipo iwo ayankha kuti palibe amene anabwera."

"Iwe unati chiyani?"

"Anandifunsa ine? Amene anayenera kubwera anauzidwa kuti asabwere." Anandiyang'ana, m'maso muli mofiira. "Ndikanakonda mukanangokhala munthu wosadziwa kudulira mitengo. Ameneyo ndinkamutha."

Ndinatulutsa manachesi aja. Ndinafuna kunena kuti udye, usataye, koma ndinangomupatsira. Iye anawalandira ndi manja awiri n'kukwera kumpando wakumbuyo. Lenard anamuuza kuti kutsogolo kuli malo, kumbuyo kumagwedeza. A Lameki anati mverani akulu. Yunike anatsika n'kukwera kutsogolo.

Kenako Lenard anayala pepala pa boneti n'kundipatsa cholembera chake.

"Popanda ili sitingayambe. Mizere itatu yokha."

Mzere woyamba unkafunsa dzina la mwini chinthucho. Ndinatulutsa khadi la chipani lija m'thumba la malaya, pepala lokhalo limene mwanayo anakhala nalo padziko lino, ndipo ndinakopera monga linalembedwera pa Zalewa: Mlendo.

Mzere wachiwiri unkafunsa ubale wa wosainayo ndi mwiniwake. Ndinalemba kuti malume.

Injini inali italira kale. Yunike ankayang'ana kutsogolo, nsalu ili pamiyendo, manachesi ali pamwamba pake. Lenard analoza mzere wachitatu ndi chala.

"Apa pa zaka. Pa kakhadi ka m'kaundula tinayerekeza kuti mwina mazana awiri. Lemba tsiku limene inalowa m'nthaka, ngati ukulidziwa."

Lachisanu, pa 14 Juni 1985.